Nkhuku za Pansi pa Bedi

"Thumba limenelo lisalowe m'khitchini muno, bambo a Kanjinga. Ndikukupemphani."

Ndinali nditaima pakhomo, mwana ali kumsana. Amuna anga anali atangotsika panjinga, matope a kudambo atafika m'maondo. Thumba limene anamangirira kumbuyo linkadontha madzi ofiirira, ndipo pamene linang'ambika panali patatuluka mlomo wa bakha wakutchire.

"Zayambikatu," anatero apongozi anga, amayi awo a amuna anga, ali pamkeka kusankha nyemba. "Adokotala athu aona chiyaninso lero?"

"Amayi, si nzeru zanga ayi. Mlangizi wa ziweto ndiye anabwera kusikelo ya ana, n'kuima patsogolo pa tonse. Anati mbalame zimene zimatera kudambo nyengo ino zimachokera kutali, ndipo zina zadutsa kumene nkhuku zikutha ndi chimfine cha mbalame. Anati tikaona yakufa kapena yofooka tisaikhudze. Ndipo abakha athu asamapitenso kukasamba nazo limodzi."

"Chimfine! Inu munaionapo mbalame ikumina? Kapena imayenda ndi kampango m'phiko?"

Amuna anga anaseka uku akumasula chingwe.

"Iwe, lero sindinatchere n'komwe msampha. Zinangoti mbwee m'mphepete mwa bango. Zina ndimachita kutola ndi manja zikundiyang'ana. Mwayi wotere umabwera kangati?"

"Mbalame yoti yauluka kuchoka kumene inu simunafikeko, ikulekeni muitole ngati mango, inu osadabwa?"

"Yatopa basi. Iwe utayenda ulendo umenewo sungatope?"

"Fodya wako ndi uyo ali pamphuno," anawonjezera apongozi. "Mlangizi wanuyo amadya kumapeto kwa mwezi. Ife timadya zimene dambo latipatsa. Tenthetsani madzi, apongozi, tisosole dzuwa lisanalowe."

Madziwo ndinatenthetsa, koma kusosola ndinakana. Ndinati mwana akufuna bere. Ndinakhala pazenera la kuchipinda n'kumaona awiriwo atazinga beseni, nthenga zikuuluka bwalo lonse. Matumbo anaponyera nkhuku, nkhukuzo n'kumalimbirana. Dzuwa litapendeka abakha athu anabwera kuchokera kudambo ali pamzere monga mwa masiku onse, n'kukaviika milomo m'chigubu chodula pakati chimene nkhuku zimamweramo. Ndinaona zonsezo.

Mwana wathu timamutcha Kanjinga chifukwa cha kakwawidwe kake. Ukangocheuka, wafika kale kukhola. Chilichonse chimene watola chimapita kukamwa. Kuyambira tsiku limenelo sindinamuikenso pansi pabwalo, ndipo msana unkandiwawa ngati ndikulima.

Sabata isanathe bakha mmodzi anayamba kuzungulira pabwalo ngati woledzera, khosi litapindikira kumsana. M'mawa mwake anali atauma. Kenako zinalowa nkhuku. Madzulo imadya bwinobwino, kukacha waipeza pansi pa chisa, nkhope yotupa, lipombo lakuda bii, miyendo ili ndi mabala ofiira ngati wina waikwapula ndi kamtengo.

"Ndi chitopa ichi," anatero apongozi. "Chaka chiti chimene sichinabwere? Sinjani tsabola muthire m'madzi pamodzi ndi phulusa."

"Amayi, nkhukuzi tinazidonthezera katemera wa chitopa. Ndinagwira ndine. Ndiponso chitopa chinayamba liti kupha abakha chonchi?"

"Mwaona kuipa kwa sukulu yosamaliza? Munthu amangodziwa mafunso, mayankho anatsala m'kalasi ya kutsogolo."

Mawu amenewo anandilasa. Amadziwa kuti ndinasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha mimba ya mdzukulu wawo yemweyo.

Tsabola sanathandize. Ndiye apongozi anasintha nzeru. Mbandakucha uliwonse ankalowa m'khola, iliyonse imene yagwetsa mapiko ankaitulutsa, amuna anga n'kuicheka isanafe yokha. Ankadula mitu ndi miyendo kuti zotupazo zisaoneke, n'kukazinga nyamayo ndi mafuta ambiri mpaka kufiira. Ikatero inkapita kumsika m'beseni lovindikira ndi nsalu yoyera.

Tsiku lina ndinawatsatira amuna anga kuseri kwa bafa kumene ankanola mpeni.

"Bambo a Kanjinga, nyama imeneyi akugula ndi anthu. Ena akukapatsa ana."

"Moto umapha chilichonse."

"Nanga inu amene mukuzigwira zaziwisi? Magazi akumakugwerani kumaso. Mwaona chala chanu chili ndi bala?"

"Ndinayamba kucheka nkhuku iwe usanadziwe kulemba dzina lako."

"Tiyeni tingomuuza mlangizi. Abwere aone yekha."

Anasiya kunola, n'kundiyang'ana ngati ndatukwana.

"Ukudziwa zimene ukunena? Akapeza matendawo pakhomo pano, sakupha zathu zokha. Apha za mudzi wonse, n'kukwirira m'dzenje limodzi. Ndiye mawa ukapita kumjigo, azimayi aja adzakuyang'ana bwanji? Aliyense kuno nkhuku zikumufera, ndipo aliyense wangotseka pakamwa. Iwe ndiye wanzeru kuposa onse?"

"Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tikangokhala chete tonse zifika pati?"

"Amayi anatilera ndi nkhuku zimenezi bambo atamwalira. Malaya anga oyamba a sukulu anali mazira. Usandiuze kuti ndiwalande."

Zimenezo zinali zoona.

Patapita masiku, apongozi anabwera kuchokera kumsika nthawi isanakwane, beseni lili ndi nyama yotsala, akupuma mwawefuwefu.

"Mlangizi uja wayamba kuyenda khomo ndi khomo," anatero. "Wayambira nyumba za m'mphepete mwa dambo. Akuti akumalowetsa kathonje kukhosi kwa nkhuku, n'kukaika m'kabotolo. Mawa ali kuno."

Abakha anali atatha kale. Nkhuku zimene zinkaoneka zamoyo zinali zitatsala zochepa: misoti yoikira, thadzi lina lofungatira, ndi tambala wamkulu amene apongozi ankamukonda ngati mwana. Anaziyang'ana, kenako anayang'ana nyumba yathu.

"Tenga madengu," anauza mwana wawo. "Zilowa kuchipinda kwanu, pansi pa bedi."

Ndinaima patsogolo pawo.

"Amayi, kumeneko n'kumene amagona mwana."

"N'chifukwa chake. Khola adzaona, khitchini adzaona, nyumba yanga adzasuzumira, poti ndine nkhalamba. Koma mwamuna wa ulemu wake salowa kuchipinda kwa mkazi wa mwini, mkaziyo ali pakhomo akuyamwitsa. Angayerekeze?"

"Bwanji osakazisiya kumunda?"

"Kuti agalu ndi akuba akachite phwando? Apongozi, nkhukuzi n'zabwinobwino. Taonani maso ake. N'zausiku umodzi basi."

"Bambo a Kanjinga, nenani kanthu."

Amuna anga anakanda m'mutu, maso ali pansi.

"N'zausiku umodzi," anabwereza, n'kupita kukatenga madengu.

Anaziika ziwiriziwiri, n'kuvindikira ndi masaka, n'kukankhira kunsi kwa bedi, pafupi ndi sutikesi yanga ya zovala. Tambala anamumanga miyendo n'kumuphimba kwambiri kuti asaone kuwala n'kulira. Khola analisesa, n'kuwazamo phulusa.

Mlangizi anafika dzuwa litakwera, panjinga yamoto, atavala majombo, kabokosi koyera kali kumbuyo. Apongozi anali atayatsa wailesi m'nyumba mwathu, mawu ake atakweza mpaka mapeto. Ine anandikhazika pakhomo penipeni, mwana ali pabere, miyendo yanga itatseka njira.

"Odi pano! Muli bwanji amayi?"

"Tili bwino, kaya inu achimwene? Mpando uwo."

"Zikomo, sindikhalitsa. Ndikuona ziweto za mabanja amene ali pafupi ndi dambo. Tapeza mbalame zakutchire zambiri zitafa kubango, ndiye tikufuna tidziwe ngati vutolo lafika m'makola. Nkhuku zanu zili kuti?"

"Ha, nkhuku? Tinagulitsa zonse mvula isanayambe. Chakudya chake chinatikanika."

"Abakhanso?"

"Abakhanso."

Anapita kukhola, anasuzumira, anapalasa phulusa ndi nsonga ya jombo. Pansi pake panali zitosi zosauma. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Pobwerera anaima patsogolo panga, chapatali ndithu, monga mwa ulemu.

"Mayi, inu ndakukumbukirani. Kusikelo kuja munandifunsa ngati matendawa amagwira ana. Si inu?"

Ndinagwedeza mutu. Kumbuyo kwanga, pansi pa nyimbo za pawailesi, ndinamva dengu likuchita tswatswa. Apongozi anatsokomola. Amuna anga anali ataima pafupi ndi njinga, akupukuta sipoko imene inali yoyera kale.

"Pakhomo pano sipanafe nkhuku masiku ano?"

Ndinaona maso a apongozi. Sanali okwiya ayi, anali maso a munthu amene wagwira nthambi yomaliza. Ndinaona amuna anga osadzutsa mutu.

"Ine za ziweto sindidziwa," ndinatero. "Ndimangoona za mwana."

Mlangizi anapumira m'mwamba.

"Chabwino. Koma mundimvetse, nonse. Ine sindinabwere kudzalanda munthu ndiwo. Matendawa sagwira anthu kawirikawiri, koma akagwira amagwira amene akucheka, kusosola, kapena kugona pafupi ndi mbalame zodwala. Ndipo akalowa m'chifuwa sachedwa. Wina akatentha thupi, maso n'kufiira, kapena kubanika, athamangire kuchipatala, ndipo akanene kuti anagwira nkhuku. Akabisa, amupatsa mankhwala a malungo n'kumubweza. Ndidzabweranso. Tsiku sindinena."

Njinga yamoto itazimiririka, apongozi anaomba m'manja n'kuseka.

"Mwaona? Apongozi anga ndi munthu! Lero ndiye mwakwatiwadi pakhomo pano."

"Zitulukeno, amayi."

"Simunamve? Akuti abweranso, tsiku sanena. Mukufuna atipeze zili yakaliyakali pabwalo ife titanena kuti tinagulitsa? Zikhale kaye."

Usiku umodzi uja unasanduka sabata. Chipinda chinayamba kununkha khola. Apongozi ankalowa m'mawa ndi madzulo kudzazipatsa madeya ndi madzi, osagogoda n'komwe. Tinthenga tinkauluka n'kutera pa neti ya udzudzu, pa matewera, m'kapu ya mwana. Ndinkakolopa ndi sopo mpaka manja kusuwa, koma ndikamaliza nkhuku zinkapalasanso. Masana ndinkakhala panja ndi mwana kumsana. Usiku ndinkamugoneka kukhoma, ine n'kukhala ngati mpanda, ndikumva zikupuma pansi pathu. Ina inayamba kupuma mokoka, ngati munthu wa mphumu.

M'mawa wina ndinamusiya Kanjinga ali m'tulo pabedi, n'kuthamangira kukayanika matewera. Pobwera pabedi panalibe munthu. Ndinaona timiyendo take tokha titatuluka kunsi kwa bedi. Nditamukoka, anatuluka akuseka, nthenga ili pamlomo, dzanja lake litagwira phiko la msoti. Msotiwo unali utatulutsa mutu pansi pa dengu, utafa, mamina akutuluka m'mphuno.

Ndinakuwa. Ndinamusambitsa kamwa ndi manja, kumusambitsanso, mwana akulira, ine ndikulira. Apongozi anabwera akuthamanga, anaona, ananyamula msoti uja ndi miyendo.

"Umenewu wafa ndi kutentha. M'chipinda muno mulibe mpweya. Mwana sanalumidwe, mukulira chiyani?"

Anautenga kupita nawo kukhitchini. Posakhalitsa ndinamva fungo la madzi otentha ndi nthenga.

Tsiku lomwelo amuna anga sanapite kudambo. Anati mutu ukuwawa. Pofika masana anali atagona pamkeka pakhonde atafunda bulangete, dzuwa likuswa mtengo. Nditawabweretsera madzi ndinaona maso awo: ofiira ngati alowa tsabola, manthongo atamata zikope.

"Dzukani tipite kuchipatala. Ndikapempha oyandikana nawo akunyamuleni panjinga."

"Ndi malungo awa. Amayi apita kukagula mapiritsi kugolosale."

"Malungo amafiiritsa maso? Mlangizi uja ananena chiyani?"

"Iwe ndi mlangizi wakoyo," anatero, n'kuyamba kutsokomola. Chifuwa chake chinali chouma, chochokera pansi.

Apongozi atabwera ndi mapiritsi, ndinagwada patsogolo pawo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pa mkangano.

"Amayi, mwana wanu uyu. Tiyeni naye kuchipatala lero lomwe."

"Akafika kumeneko akamufunsa chiyani?"

"Akamufunsa ngati anagwira nkhuku zodwala."

"Ndiye inu mukayankha kuti chiyani?"

"Zoona."

"Ehe. Ndiye madzulo ake galimoto ili pano, anthu ovala zoyera ngati mizukwa. Nkhuku zanga m'dzenje, za mudzi wonse m'dzenje. Kumsika adzati uja ankatidyetsa zakufa. Ndani adzagulenso kanthu m'manja mwanga? Akapha ziweto zanga adzandipatsa chiyani? Pepani? Pepani amaphika?"

"Nkhuku tidzagula zina. Munthu sitingagule."

"Mudzagula ndi chiyani, satifiketi imene mulibeyo? Ine ndinamulera uyu ndekha, wadwala malungo kosawerengeka, onse ndinachiza ndi manja awa. Inu mwabwera dzulodzuloli, mundiphunzitse kusunga mwana wanga?"

"Nanga wanga, amayi? M'mawa uno anali ndi nthenga kukamwa."

Anayang'ana mdzukulu wawo amene anali kumsana kwanga. Ndinaganiza kuti afewa. Koma anakweza chibwano.

"Ana onse a m'mudzi muno anakula akudya zitosi za nkhuku, ndipo ndi awo akulima. Tamverani, apongozi. Za m'nyumba sizituluka ndi mkazi. Mukakatsegula pakamwa kunja kuno, mudziwe kuti chitseko chimene mwatulukira simudzalowanso. Uwauze wekha, mwana wanga, asamayese ndine ndekha wolankhula."

Amuna anga anatembenukira kukhoma.

"Mwamva zimene anena amayi," anatero ndi mawu osasa.

Chakudya chamadzulo ndiwo zake zinali msoti uja. Ine ndinati m'mimba mwandipotokola. Apongozi anadya okha, akutafuna mwamphamvu kuti ndimve, kenako anakapatsa nkhuku zotsala madzi n'kupita kunyumba kwawo.

Amuna anga ndinawathandiza kulowa, n'kuwagoneka pabedi. Thupi lawo linkatentha mpaka kudutsa malaya. Ine ndinayala mkeka pabalaza, kutali ndi chipinda, n'kumuika mwana pamiyendo. Anayamwa pang'ono n'kusiya. Ndinaika tsaya langa pamphumi pake. Panali pofunda. Mwina ndi mano, poti akumera. Mwina ndi kulira kwa m'mawa kuja. Mwinanso ndi tsaya langa lomwe limene linkatentha. Ndinayesa ndi dzanja, ndinayesa ndi milomo, osadziwabe. Ndinamutsegula zikope kuyang'ana ngati mwafiira, iye n'kundikankha.

Amayi anga ondibala amakonda kunena kuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Ndinkayesa mwambiwo ukunena za moyo wa mwiniwake. Langa phukusi linali pamiyendo, likupuma mofulumira.

Ndinalowa kuchipinda mwakachetechete kukatenga matewera, kabuku ka kusikelo ndi nsalu ziwiri. Sutikesi sindinaikhudze, inali itagundana ndi madengu. Ndikumanga kamtolo, ndinamva bedi likulira.

"Amayi a Kanjinga."

Ndinaima chilili.

"Ukutani?"

"Ndikupita naye kuchipatala kusanache. Ndikafika ndikanena zonse. Za thumba lija, za kumsika, za pansi pa bedi pano. Ndikawauzanso kuti kuno kuli munthu wodwala, abwere adzakutengeni."

"Wamva zimene anena amayi?"

"Ndamva."

"Sadzakukhululukira. Mudzi wonsenso."

"Ndikudziwa. Ndikatuluka kuchipatala ndidzapita kwathu."

Anatsokomola nthawi yaitali, nkhuku pansi pawo n'kuyamba kusuntha. Ndinadikira kuti akuwe kuitana amayi awo. Nyumba yawo ili pafupi, mawu amodzi okha akanakwana.

"Mwana watentha?" anafunsa.

"Sindikudziwa. Mwina."

Kenako anakweza dzanja ngati akufuna kundigwira, koma analibweza n'kulibisa m'bulangete.

"Usadzere njira ya kudambo, madzi adzaza," anatero. "Ndipo chitseko chakumaso chimalira ukachikoka. Uchinyamule pang'ono m'mwamba."